Cheyenne kapena Laramie: Malangizo kwa Amalawi a ku America Ofuna Kukacheza ku Wyoming

Amalawi amene akukhala ku Colorado, ngakhalenso ochokera m'zigawo zina za America amene amatsikira pa bwalo la ndege la Denver, akapeza masiku awiri kapena atatu opuma amatha kulakalaka zokaona Wyoming, ndipo chimene chimawavuta n'kusankha kokagona, ku Cheyenne kapena ku Laramie. Mizinda iwiriyi ili pa msewu umodzi wa I-80 ndipo yatalikirana ndi makilomita pafupifupi 80, mtunda wonga wochokera ku Lilongwe kukafika ku Dedza. Yonse inayamba chifukwa cha njanji ya Union Pacific, Cheyenne mu 1867 pomwe Laramie mu 1868, koma chikhalidwe chake n'chosiyana. Langizo langa ndi lakuti muyambe mwaona mwezi umene mukuyenda, pakuti kudera lokwera ndi lathyathyathya limeneli nyengo ndi imene imalamula ulendo.

Cheyenne ndi likulu la Wyoming, ili ndi anthu pafupifupi 65,000, ndipo kuchokera ku Denver mumayenda makilomita pafupifupi 160 pa msewu wa I-25 osakhota. Zoona zambiri zili pafupipafupi: nyumba ya malamulo ya denga lagolide, nyumba yosungiramo mbiri ya chigawochi imene salipiritsa pakhomo, siteshoni yakale ya sitima, ndiponso chimutu cha sitima ya malasha chotchedwa Big Boy chimene anachiimika ku Holliday Park. Tsiku limodzi limakwana kuona zonsezi. Zinthu zimasintha kumapeto kwa Julayi pa chikondwerero cha Cheyenne Frontier Days, chimene chinayamba mu 1897, pamene anthu amapikisana kukwera mahatchi ndi ng'ombe zolusa, m'misewu mumadutsa perete, ndipo masiku ena amagawa chakudya cha m'mawa chaulere. Banja lokhala ndi ana lingasangalale kwambiri, koma malo ogona amadzaza ndipo mitengo imakwera, choncho ofuna kupita nthawi imeneyi asungitsiretu chipinda kudakali miyezi ingapo.

Ineyo mtima wanga uli ku Laramie, malinga ulendowo ukhale pakati pa Juni ndi Seputembala. Mzindawu ndi wocheperapo, wa anthu ongopitirira 31,000, koma kuli University of Wyoming, imene inakhazikitsidwa mu 1886, ndipo popeza kumabwera ophunzira ochokera m'maiko osiyanasiyana, mlendo wa ku Africa sakhala wachilendo kwenikweni. Pa yunivesitipo pali nyumba yoonetseramo miyala ndi mafupa a zilombo zakale zija za dinosaur. Kuli ndende yakale imene inasungako chigawenga chotchuka, Butch Cassidy, ndipo ndi mumzinda womwewu mmene mayi Louisa Swain anaponya voti pa 6 Seputembala 1870, patangopita miyezi pafupifupi isanu ndi inayi Wyoming italola amayi kuvota.

Chachikulu koposa ndi mapiri. Mukatuluka mumzinda kulowera kumadzulo pa msewu wa 130, n'kudutsa kamudzi ka Centennial, mumakwera mapiri a Snowy Range, kumene msewu wa tala umafika mamita pafupifupi 3,300. Mmalawi amvetse bwino apa: galimoto imakufikitsani pamalo okwera kuposa nsonga ya Sapitwa, ya mamita 3,002, imene kwathu anthu amaifika atatuluka thukuta paphiri la Mulanje. M'mbali mwa msewuwo muli nyanja zing'onozing'ono za madzi oyera ngati Lake Marie, zoti munthu angathe kukhalapo masana onse. Tsono gawo lapamwamba la msewu umenewu amalitseka nyengo yonse yozizira, ndipo nthawi zambiri amalitsekula chakumapeto kwa Meyi. Chenjerani ndi Loweruka limene timu ya mpira ya yunivesiti ikusewerera pakhomo, chifukwa zipinda zimasowa.

Kukwera kwa malowa si nkhani yoipeputsa. Cheyenne ili pa mamita pafupifupi 1,850 pomwe Laramie ili pa mamita pafupifupi 2,180, kufanana ndi madera ena a ku Nyika. Amene wakhala zaka zambiri m'mizinda ya m'mphepete mwa nyanja akhoza kumva litsipa ndi phuma tsiku loyamba, motero ndi bwino kumwa madzi ambiri, kuyenda mofatsa ndi kupewa mowa usiku woyamba. Odwala mtima kapena mphumu afunse kaye dokotala wawo. Ngakhale mu Julayi kumazizira dzuwa likalowa, choncho jekete isatsale.

Ngati ulendo wanu ukugwera pakati pa Novembala ndi Epulo, sankhani Cheyenne. Msewu wa pakati pa mizindayi umakwera mpaka mamita oposa 2,600 pa Sherman Summit, pamene pali chipilala cha Abraham Lincoln, ndipo mphepo yamkuntho ikasakanikirana ndi chipale chofewa amautseka, nthawi zina kwa maola ambiri. Njira ina ya 287, yochokera mumzinda wa Fort Collins ku Colorado kupita ku Laramie, nayonso imaopsa nyengo imeneyi, makamaka kwa ife amene tinaphunzira kuyendetsa galimoto kumene msewu suundana. Musananyamuke, onani mmene misewu ilili pa apu ya Wyoming 511.

Kumizinda yonseyi sikufika sitima yonyamula anthu, choncho galimoto, yanu kapena yahayala, ndi yofunika. Tengani laisensi ndi zikalata zanu zokhalira m'dzikolo, thirani mafuta musanatuluke mumzinda, ndipo dziwitsani mnzanu njira imene mwadzera, chifukwa kumapiri netiweki ya foni imaduka. Amene ali ndi masiku atatu m'nyengo yotentha agone ku Laramie, apatule tsiku limodzi lokaona Cheyenne, ndipo pobwerera akaime pa matanthwe osanjikizana a Vedauwoo, amene ali m'mbali mwa msewu womwewo wa I-80.