Mmene mungachemerere timu imene yagwetsa chimphona m'chikho koma ili kumchira kwa ligi

Aliyense amene anaonerapo mpira m'nyumba zoonetsera masewero pa Boma la Mangochi, ku M'baluku, ku Namwera kapena ku Monkey Bay akulidziwa phokoso limene limabuka timu yonyozeka ikatulutsa timu yaikulu m'chikho. Mabenchi amagwa, akabaza amaliza mahutala mpaka usiku, ndipo aganyu, amene dzulo lake sankadziwa ngakhale dzina la goloboyi wa timuyo, amakuwa kuposa eni ake. Koma kukacha aganyu amabwerera kumatimu awo, ndipo wochemerera weniweni amatsala yekha ndi foni m'manja, akuyang'ana m'ndandanda wa ligi umene ukuonetsa kuti timu yake ikadali pomwe inali, pakati pa matimu amene akuyembekezera kutuluka. Malangizo awa ndawalembera munthu ameneyo, kaya timu yake ndi ya konkuno kapena ya ku England, chifukwa mtima wa wochemerera susiyanitsa mtunda.

Choyamba, sangalalani, ndipo musalole kuti wina akuchititseni manyazi chifukwa cha chimwemwecho. Timu imene yakhala miyezi ikugonja siipeza kawirikawiri tsiku lotere, ndipo osewera amene atopa ndi kunyozedwa amafunika kumva kuti thukuta lawo laoneka. Chimene ndikupempha n'chakuti chisangalalocho chikhale ndi malire a nthawi, usiku umodzi kapena masiku awiri, komanso kuti chisathere kuchipatala chifukwa cha njinga zamoto zothamangitsana pa mlatho wa Bakili Muluzi zitanyamula anthu atatuatatu.

Chisangalalo chikazizira, khalani pansi mumvetse chifukwa chake timu imodzimodziyo ingathe kugonjetsa akatswiri Lachitatu n'kukagonja Loweruka kwa timu wamba. Mpikisano wa chikho umaweruza pa tsiku limodzi. Timu yofooka ikhoza kudzazana kumbuyo kwa mphindi 90, goloboyi n'kukhala pa tsiku lake labwino, mwayi umodzi n'kulowa muukonde, kapena masewero n'kukathera kumapenate kumene mbiri ya timu ilibe ntchito. Nthawi zina mphunzitsi wa timu yaikulu amapumitsanso osewera ake odalirika poganiza kuti ntchito ndi yophweka. Ligi siiweruza chomwecho. Super League ya dziko lino m'zaka zapitazi yakhala ndi matimu 16, kutanthauza masewero 30 pa timu iliyonse, ndipo Premier League ya ku England ili ndi matimu 20 ndi masewero 38. Pa ulendo wautali wotere mwayi umatha, chotsala chimakhala kuchuluka kwa osewera abwino pabenchi, mphamvu za m'thupi, ndi luso lomwetsa zigoli pamene timu inayo ndiyo yadzazana kumbuyo. Kupambana m'chikho sikuwonjezera pointi ngakhale imodzi pa m'ndandanda wa ligi, ndipo wochemerera amene waiwala mfundo imeneyi amadzadzidzimuka nyengo ikamatha.

Chitsanzo chimene sindichiiwala ndi cha Wigan Athletic. Pa 11 May 2013 timuyi, motsogozedwa ndi Roberto Martínez, inagonjetsa Manchester City 1-0 pa bwalo la Wembley n'kutenga chikho cha FA, chigolicho atamwetsa ndi mutu Ben Watson masewero ali pafupi kutha. Patangopita masiku atatu, timu yomweyo inagonja 4-1 kwa Arsenal ndipo inatuluka mu Premier League, n'kukhala timu yoyamba kutenga chikhocho ndi kutuluka mu ligi m'nyengo imodzi. Zaka ziwiri izi zisanachitike, mu 2011, Birmingham City inagonjetsa Arsenal 2-1 mu ndime yomaliza ya League Cup, koma nayonso inatuluka mu ligi nyengo yomweyo. Sindikunena kuti chikho ndi tsoka ayi. Ndikunena kuti chikho ndi ligi ndi minda iwiri yosiyana, ndipo kukolola m'munda wina sikupalira winawo.

Tsopano tengani pepala ndi cholembera, chifukwa mantha ambiri a ochemerera amachokera pa kusawerengera, ndipo chiyembekezo chabodza chimachokeranso pomwepo. Lembani mapointi a timu yanu, kenako mapointi a timu imene ili pamalo omaliza opulumukira. Mu ligi ya matimu 16 imene atatu amatuluka, malo amenewa ndi nambala 13, ndipo ku England ndi nambala 17. Kusiyana kwa mapointi a matimu awiriwa ndiwo mtunda weniweni umene timu yanu iyenera kuyenda. Mukatero werengani masewero otsala ndi kuwachulukitsa ndi 3, popeza kupambana kumapatsa mapointi atatu, kufanana mphamvu pointi imodzi, kugonja palibe kanthu. Tiyerekeze kuti timu yanu ili ndi mapointi 21, timu ya pa nambala 13 ili ndi 26, ndipo nonse mwatsala ndi masewero 8. Mapointi amene akadali pabwalo ndi 24, ndipo kusiyana kwa 5 kukhoza kutsekedwa m'masabata awiri okha ngati zinthu zayenda bwino. Koma kusiyana komweko kwa 5 masewero atatsala awiri ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo timu yanu iyenera kupambana masewero onse awiri kwinaku ikudikira kuti anzawo apunthwe kawiri.

Musalekere pa kuwerengera kokhako. Yang'anani kuti masewero otsalawo ndi olimbana ndi ndani, ndi angati ali pakhomo, ndi angati ali koyenda. Masewero ofunika kwambiri si aja okumana ndi matimu otsogola, ngakhale ndiwo amadzaza bwalo, koma aja okumana ndi anzanu a kumchira, chifukwa mukawagonjetsa mumapeza mapointi atatu pamene iwo awataya. Onaninso ngati pali timu imene yasewera masewero ochepa kuposa zinzake, ndipo musawerenge masewero osaseweredwawo ngati mapointi a m'thumba. Pomaliza yang'anani kusiyana kwa zigoli zimene timu yamwetsa ndi zimene yagoletsedwa, pakuti matimu akafanana mapointi chimenechi chimatha kuweruza amene atsale. N'chifukwa chake kugonja 1-0 ndi kugonja 5-0 si zofanana, ngakhale zonse sizipatsa pointi, ndipo timu imene yataya mtima mphindi khumi zomaliza ikhoza kudzalipira miyezi iwiri kutsogolo. Ku England anthu amakonda kunena kuti mapointi 40 ndi okwanira kupulumukira, koma West Ham United inatuluka mu 2003 ili ndi mapointi 42, kotero musadalire nambala ya pakamwa kuposa m'ndandanda umene uli pamaso panu.

Pali funso limene limagawanitsa ochemerera m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook: kodi mphunzitsi aike osewera amphamvu mu ndime yotsatira ya chikho, kapena awasungire ligi? Maganizo anga ndi akuti timu ya osewera ochepa iyenera kuteteza malo ake mu ligi poyamba. Masewero owonjezera amabweretsa kutopa, kuvulala ndi makadi, ndipo kwa matimu athu amabweretsanso ulendo wautali wa basi umene umadya ndalama ndi masiku okonzekera. Timu ikatuluka mu ligi yaikulu, othandiza ndi ndalama amazirala, osewera abwino amatengedwa ndi matimu ena, ndipo ndalama za pachipata zimatsika. Choncho mukaona mphunzitsi wapumitsa womwetsa zigoli wanu pa masewero a chikho, musafulumire kunena kuti wagulitsa gemu. Mwina wangowerengera monga mmene inu mwawerengera.

Ntchito yaikulu imene wochemerera angaigwire ndi manja ake ili pabwalo. Ngati timu yanu ndi ya pafupi, pitani ku masewero a ligi, makamaka aja osakopa anthu, ndipo lipirani pachipata m'malo molowera pampanda kapena kudzera kwa mnzanu woyang'anira khomo, chifukwa ndalama imeneyo ndi imene imagula mafuta a basi ndi madzi a osewera. Dzuwa la Mangochi mu October ndi November tonse tikulidziwa, kotero nyamulani madzi ndi chipewa kuti mukhalebe mpaka wezulo yomaliza. Wosewera amene akuona anthu akutuluka timu itagoletsedwa chigoli chimodzi amamva kuti nayenso akhoza kusiya. Imbani kwambiri pamene timu ili m'mbuyo, osati pokhapokha pamene yagoletsa.

Pamenepa ndiyenera kulankhula molimba za ziwawa. Timu ikakhala kumchira, chiganizo chilichonse cha oyimbira chimaoneka ngati chiwembu, ndipo nthawi zina oyimbira amalakwitsadi. Koma mwala umodzi woponyedwa m'bwalo umabweretsa chindapusa chimene amalipira ndi timu, osati woponyayo, ndipo malamulo a mpira amalola kuti timu ilandidwe masewero kapena isewere popanda oonerera. Timu imene ikusowa kale ndalama ndi mapointi singapirire chilango chotere. Ndinaonapo ndi maso anga masewero a m'chigawo akutha nthawi isanakwane chifukwa cha anthu ochepa okwiya, ndipo amene analira pambuyo pake anali anyamata osalakwa amene anathamanga padzuwa sabata yonse. Mukaona mnzanu akuwerama kutola mwala, mugwireni dzanja. Ngati pali dandaulo, likadutse kwa akuluakulu a timu, amene ali ndi njira yolembera kalata kwa oyendetsa ligi. Pewaninso mikangano ya pachipata yokhudza zitsamba, imene imachedwetsa masewero ndi kusokoneza maganizo a osewera anu omwe.

Samalaninso pakamwa ndi zala zanu. Osewera amawerenga zimene timalemba pa intaneti, ndipo ambiri a iwo ndi achinyamata amene ali ndi makolo ndi abale m'magulu omwewo. Kunena kuti otseka kumbuyo akuchedwa kubwerera, kapena kuti timu ikugoletsedwa kwambiri pa makona, ndi kudzudzula kothandiza. Kutukwana munthu ndi mtundu wake, kapena kumunamizira kuti walandira ndalama popanda umboni, kumaphwanya timu kuchokera m'kati. Pa nkhani yochotsa mphunzitsi, dekhani musanakuwe. Mu nyengo ya 2014-15 Leicester City inakhala miyezi ingapo pansi penipeni pa ligi, koma inasunga mphunzitsi wake Nigel Pearson, inapambana masewero 7 mwa 9 omaliza n'kupulumuka. Izi sizitanthauza kuti mphunzitsi asamachotsedwe konse, koma funsani kaye ngati osewera akulandira malipiro awo ndiponso ngati pali wina wabwino woti alowe m'malo.

Za kubetcha ndinena mwachidule. Timu yanu ikagwetsa chimphona, mtima umakuuzani kuti yasintha, ndipo ndalama ya usipa wa sabata yonse imatha kupita pa tikiti imodzi. Musabetche pa timu imene mumaikonda, chifukwa simungaiweruze mosakondera, ndipo ikagonja mudzakwiyira osewera chifukwa cha ndalama yanu.

Nanga timu ikatulukadi, mudzatani? Konzekerani funso limeneli lisanafike. Blue Eagles, timu ya apolisi ya ku Lilongwe, inatuluka mu Super League pakutha pa nyengo ya 2023. Chaka chotsatira, ikusewera mu ligi ya m'chigawo cha pakati, inagonjetsa Big Bullets pa mapenate n'kutenga chikho cha FDH Bank, ndipo inabwereranso mu ligi yaikulu. Si timu iliyonse imene ili ndi msana wotere, ndipo matimu odalira anthu a m'dera ndiwo amavutika kwambiri m'miyezi yoyambirira atatuluka, pamene osewera akulandira mafoni kuchokera kumatimu ena ndipo komiti ikufuna kutula pansi udindo. Nthawi imeneyo pitani ku msonkhano wa ochemerera, funsani kuti chuma cha timu chiwerengedwe poyera, lembetsani dzina lanu pa zopereka za mwezi ndi mwezi ngakhale zitakhala zochepa, ndipo m'ndandanda wa masewero a ligi yaing'onoyo ukatuluka, fufuzani tsiku la masewero oyamba a pakhomo mukalilembe pakalendala.