Samalani Potambasula JSON mu Power BI

Inu amene mumasunga kaundula wa alimi a tiyi kuno ku Thyolo, ndipo makilogalamu a masamba oyezedwa pa sikelo amakupezani ali mu fayilo ya JSON (mtundu wa fayilo yosungira deta), chenjerani kwambiri pa gawo lotambasula fayiloyo kuti ikhale tebulo mu Power BI, pulogalamu yopangira malipoti. Mukatsegula fayiloyo kudzera pa Get Data, Power Query, gawo la Power BI lokonzera deta, imaonetsa mawu akuti Record (mfundo zosiyanasiyana za chinthu chimodzi) kapena List (mndandanda wa zinthu, monga masiku obweretsa masamba) m'mabokosi ena. Record siivuta, imangowonjezera makolamu. Koma List ikatambasulidwa ndi Expand to New Rows, dzina la mlimi ndi kukula kwa munda wake zimabwerezedwa pa mzere uliwonse wa tsiku limene anabweretsa masamba, choncho mukaphatikiza mahekitala, munda umodzi umawerengedwa kambirimbiri, ndipo lipoti limanama popanda chenjezo lililonse.

Ine ndimaona kuti n'kwabwino kupanga matebulo awiri, lina la alimi, lina la zoyezedwa, n'kuwalumikiza ndi nambala ya mlimi. Nambalayo, komanso ya foni, muiike ngati Text (mawu, osati nambala yowerengera) kuti 0 woyambirira asatayike.

Posankha makolamu oti atambasulidwe dinani Load more kuti onse aoneke, chifukwa Power Query imayamba yayang'ana mizere 1,000 yoyambirira yokha.