Agogo sakusamalidwa bwino kumalo osungira okalamba: muyambire pati?

Mwafunsa zoti muchite poona kuti agogo anu akuwonda komwe akusungidwa kuno ku Mangochi.

Pitani osawauza, makamaka nthawi ya nkhomaliro. Onani chomwe chili m'mbale mwawo komanso ngati ali ndi madzi akumwa pafupi, chifukwa kutentha kwa kuno kumafoola okalamba msanga. Pabedi pali neti? Ngati agogo amangogona, atembenuzeni mofatsa muone pamsana, m'chiuno ndi ku zidendene. Zilonda pamenepo zikutanthauza kuti sakuwatembenuza, ndipo zimenezi sizofunika kuzengereza.

Tengani buku lawo la kuchipatala, muone ngati mankhwala a BP kapena shuga akumwa m'nthawi yake. Lembani tsiku ndi zomwe mwaona.

Kenaka lankhulani ndi woyang'anira malowo. Zikapanda kusintha, kadandauleni ku ofesi ya Social Welfare pa boma, polemba kalata n'kusunga kope lanu. Lamulo loteteza okalamba la 2024 likuikirani kumbuyo.

Koma mukaona zipsera zomenyedwa kapena ndalama zawo zikusowa, thamangirani ku Victim Support Unit kupolisi tsiku lomwelo, agogonso muwatengere kuchipatala.