Momwe mungajambulire filimu yaifupi ya Chichewa muno mu Harare ndi ndalama zochepa

Achinyamata a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa ndi Mabvuku akamandifunsa za mafilimu, funso lawo limakhala lakuti agule kamera yanji. Kamera ya pa foni yanu ikhoza kukwanira filimu yoyamba. Ndalama zanu zochepazo muziike pa chojambulira mawu, makamaka ngati filimuyo ndi ya Chichewa. Malamulo oyendetsera dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, koma pa kanema sitichimva kawirikawiri. Agogo athu amene anachoka ku Nyasaland ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'nyumba za azungu mu Salisbury (Harare wa lero) akutha mmodzimmodzi, ndipo kayankhulidwe kawo kakupita nawo kumanda. Filimu yotere, mawu akawonongeka ndiye kuti yonse yawonongeka.

Yambani ndi nkhani yoti mungaikwanitse

Lembani nkhani ya mphindi 8 kapena 10. Tsamba limodzi la sikiripiti limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye masamba 10 akwana. Anthu atatu, malo awiri, basi. Musalembe zochitika m'chipatala kapena kubwalo la ndege pamene malo amene muli nawo ndi khonde la azakhali anu ku Highfield. Filimu ya muno mu Zimbabwe ya Cook Off ya Tomas Brickhill, yomwe inatuluka mu 2017 n'kudzafika pa Netflix mu 2020, inayamba kujambulidwa ndi ndalama pafupifupi madola 8,000, ndipo mbali yaikulu anaijambulira pamalo amene ankajambulirapo kale pulogalamu ya mpikisano wophika ya pa TV. Nkhaniyo anailemba moyang'ana malo amene analipo.

Zovala pitani mukasankhe ku Mupedzanhamo, msika wa kaunjika wa ku Mbare, m'mawa mabelo akangotsegulidwa. Pewani malaya a timizere ting'onoting'ono chifukwa amanjenjemera pa kanema.

Chilolezo

M'nyumba kapena pabwalo la munthu, mwiniwake asaine kapepala kovomera, ndipo aliyense woonekera mu filimu asainenso kake, ngakhale atakhala malume anu. Mipikisano ya kunja imafunsa mapepala amenewa. Mukafuna kujambula mumsewu kapena pamsika, kauzeni apolisi a m'dera lanulo tsiku lisanafike ndipo mufunse ku khonsolo ya mzinda. Pafupi ndi State House ndi malo a asilikali musatulutse n'komwe kamera. Drone, kandege kopanda munthu kojambulira m'mwamba, imafuna chilolezo cha Civil Aviation Authority of Zimbabwe, choncho munthu akabwera ndi yake mumufunse mapepala asanaiulutse.

Za gule wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure, chilolezo chake sichichokera ku ofesi. Mupite kwa akuluakulu a gulelo ndi ulemu wake, muwauze chimene mukufuna, ndipo akakuuzani kuti apa pokha, mujambule pomwepo. Kudambwe sikulowa kamera.

Kamera

Ikani pa mafulemu 25 pa sekondi ndipo shutter, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa fulemu iliyonse, ikhale 1/50 ya sekondi. Magetsi athu ndi a 50 Hz, ndiye mukasiya pa 30 monga mafoni ambiri amabwerera, mababu amaphethira pachithunzi. Foni ikhale chopingasa, pa thiraipodi. Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa ndi kwa madzulo; masana khalikani munthu pamthunzi, wina agwire pepala loyera lolimba kuti kuwala kubwerere kumaso. Memori khadi musagule kwa ogulitsa m'njira. Ambiri amalembedwa 128GB koma mkati ndi ang'onoang'ono, amayamba kufufuta zakale mwakachetechete mukuganiza kuti akusunga. Mukagula, idzazeni yonse ndi mafayilo kunyumba kenaka muwatsegule onse.

Mawu

Apa ndikhalitsapo. Tinkajambula agogo ena aamuna ku Dzivarasekwa akusimba momwe anayendera wapansi kuchokera ku Dedza, kuwoloka Zambezi, mpaka kudzalembedwa ntchito pa famu ya fodya. Kamaikolofoni kopanira pa kolala tinabwereka kwa mkulu wina wa kasitolo m'tauni, amene anakayesa yekha pakauntala kwa masekondi ochepa n'kuti kali bwinobwino. Ku Dzivarasekwako magetsi anazima, aneba anadzutsa jenereta kuseri kwa mpanda, ndipo kawaya ka maikolofoniyo kanali kothothoka mkati moti agogowo akangosuntha phewa mawu ankaduka. Chithunzi chinatuluka chokongola, makwinya a pamphumi onse akuoneka, dzanja lawo likuloza kumpoto. Koma pamene ankatchula mayina a anzawo amene anatsala m'njira, chomveka chinali kulira kwa jenereta ndi kuthetheka. Titabwerera, agogowo anali atadwala, ndipo nkhaniyo sanaikambenso momwe anaikambira tsiku lija. Mkulu wa sitoloyo anakana kubweza ngakhale theka la ndalama.

Ndiye chitani izi. Pezani rekoda yapadera, monga Zoom H1n kapena H5. H1n yatsopano kunja inkagulidwa pafupifupi madola 100, muno ankaonjezerapo ndithu, koma mukasonkherana anthu anayi muli nayo mpaka kalekale. Ngati mukubwereka, muiyese nokha pamaso pa mwiniwake ndi mahedifoni anu: jambulani mphindi zingapo, gwedezani waya uliwonse pamene walowera, yendani mpaka kunja kwa sitolo ngati ili yopanda waya, kenaka mumvetsere zimene mwajambulazo. Akayamba kukufulumizitsani kuti kuli makasitomala ena, tulukani mukafune kwina. Mabatire gulani anu atsopano, musadalire amene mwawapeza mkatimo.

Rekodayo iikeni pa WAV, 48 kHz, osati MP3. Mulingo wa mawu uzisewera cha pa -12 dB munthu akamayankhula, kuti akaseka kapena kukuwa mawu asang'ambike. Mawu ong'ambika ndi ovuta kwambiri kukonza.

Munthu mmodzi ntchito yake ikhale mahedifoni basi, asagwirenso nyali kapena kuthamangira chakudya. Mumupatse mphamvu yoimitsa kujambula, ngakhale wochita sewero ali pakati pa kulira. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa momwe mungathere: mangani pa ndodo yaitali, ngakhale nsungwi, ilendewere pamwamba pa mutu kunja pang'ono kwa chithunzi, italoza pachifuwa. Panja muiveke kachipewa kake ka ubweya, apo ayi mphepo ya mu August idzakudyerani mawu onse. Yopanira pa kolala muimate ndi pulasitala wa mabala kuti isakhulane ndi nsalu, ndipo amayi avule mikanda yogundana. Mukhale ndi zojambulira ziwiri nthawi zonse. Foni yachiwiri yobisidwa kuseri kwa kapu patebulo ikanatipulumutsa tsiku lija.

Malo muwayendere tsiku lina, pa ola lomwelo limene mudzajambule, muime phee mutatseka maso. Kumalokeshoni kwathu kuno phokoso lili ndi nthawi zake. M'mawa ndi madzulo mahwindi, anyamata oitanira anthu, amakuwira makombi, masana chigayo ndi owotcherera zitsulo, ana akaweruka kusukulu msewu wonse ndi wawo, Loweruka ndi Lamlungu zimkuzamawu za matchalitchi. Funsani aneba kuti magetsi amakonda kuzima nthawi yanji ndipo ndani ali ndi jenereta. Mupiteko mwaulemu, muwagulire kabotolo ka chakumwa, muwapemphe kuti azizima kwa mphindi 20 mukawakodola. Anthu amavomera mukawafotokozera, makamaka mukawauza kuti mayina awo adzalembedwa kumapeto kwa filimu. Inuyo musabwere ndi jenereta. Nyali za LED za batire kapena inverter zikwanira.

Nyumba za malata zili ndi mavuto awiri. Mu October malata amathetheka ndi dzuwa, ndipo kuyambira November mpaka March mvula ikagwa simumvana n'komwe. Chipinda cha simenti chopanda katundu chimabweza mawu ngati m'chitsime, choncho pachikani mabulangete kumakoma osaoneka pa kamera ndipo pansi muyale mphasa. Firiji muizime, koma muikemo makiyi a galimoto kapena a nyumba kuti musachoke musanaiyatsenso, mungaoletse ndiwo za eni nyumba.

Wailesi ya aneba ikamamveka, imani. Nyimbo ya sungura kapena zimdancehall imene yalowa yokha ili ndi mwini wake, ndipo YouTube imaizindikira. Komanso podula filimu nyimboyo imadumphadumpha pamene mwalumikiza. Nyimbo za mu filimu pemphani mnzanu woimba akupangireni, mulemberane pangano. Za nyimbo za ena funsani ku ZIMURA, bungwe loona za umwini wa nyimbo.

Poyamba gawo lililonse, wina atchule nambala yake n'kuwomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera, kuti mudzalumikize mawu ndi chithunzi mosavuta. Musanachoke pamalo, aliyense akhale chete mphindi imodzi mujambule kamvekedwe ka m'chipindamo anthu ali chete, kamene mudzatsekere mipata podula filimu. Ndipo mumvetsere zimene mwajambula muli pomwepo, ochita sewero asanakwere kombi.

Zotsalazo

Anthu adye. Nsima ndi nyemba kapena matemba, madzi akumwa, ndi ndalama yokwerera ya aliyense m'madola amodziamodzi chifukwa chenje ndi yovuta. Madzulo aliwonse kopani mafayilo pa hard drive ziwiri, ina izigona nyumba ina.

Podula filimu gwiritsani ntchito pulogalamu ya pa kompyuta ya DaVinci Resolve, ili ndi mtundu waulere. Musalipire munthu wokuikirani mapulogalamu obedwa odzaza mavairasi. Mawu olembedwa m'munsi muike a Chingelezi ndi a Chishona, ndipo womasulira akhale wodziwa Chichewa cha akuluakulu, chifukwa miyambi yawo imasochera m'manja mwa ana a m'tauni.

Musanaionetse kugulu, malamulo amafuna kuti idutse ku Board of Censors. Kenaka itumizeni ku Zimbabwe International Film Festival, yomwe inayamba mu 1998, ku International Images Film Festival for Women imene anayambitsa Tsitsi Dangarembga, ndi ku NAMA, mphoto za zaluso za National Arts Council of Zimbabwe. Yang'aniraninso zochitika ku Alliance Française ndi ku Zimbabwe German Society. Mipikisano ya kunja ili pa webusaiti ya FilmFreeway, koma ina ndi ya anthu ongotolera ndalama zolembetsera, ndiye muone kaye ngati inaonetsapo mafilimu pamalo enieni. Mipikisano yambiri siifuna filimu imene ili kale pa YouTube, choncho musafulumire kuiika. Ofuna sukulu afunse ku ZIFTESSA, sukulu ya mafilimu ndi TV ya muno mu Harare, kapena MultiChoice Talent Factory ku Lusaka, ndipo ofuna ndalama za filimu yaitali awerenge za Durban FilmMart, Hubert Bals Fund ndi IDFA Bertha Fund, makamaka masiku otsekera kulandira mafomu.