Mmene tingayambitsire kanyumba ka mabuku kothandiza panjala

Ndaphunzitsa ana a pulayimale zaka zambiri kuno ku Angónia, dera lomwe anthu amati ndi nkhokwe ya Tete yonse. Koma mvula itadula mu Febuluwale 2024, chaka cha El Niño, ndinaona amayi akusinjitsa gaga kuti ana alawe phala, ana ena n'kusiya sukulu kupita kuganyu. Chinandiwawa n'chakuti nzeru zina zomwe zikanatithandiza zinalipo kale pamapepala, koma m'Chipwitikizi, ndiponso kutali. Biblioteca yaikulu, yomwe anzathu a ku Dedza amati laibulale, ili mumzinda wa Tete, ndipo munthu wanjala sangawononge ndalama ya chapa (minibasi) kuti akawerenge. Choncho tinayambitsa yathu, ndipo nanu mungathe.

Yambani ndi malo. Pitani kwa anyakwawa ndi akulu a mpingo kapena a sukulu, mupemphe kachipinda kosadontha. Ife tinayamba ndi sutikesi yachitsulo yokhala ndi loko, benchi ndi mphasa ziwiri. Sutikesiyo muiike pa njerwa, isagunde khoma, chifukwa chiswe sichichedwa.

Mabuku musadikire kuti abwere ndi galimoto. Kapempheni timapepala ta ulimi kwa alangizi a ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi, funsaninso ophunzira a zaulimi a payunivesite ya UniZambeze ku Ulónguè ngati ali ndi zomwe anamaliza kuwerenga. Amene ali ndi abale kutsidya ku Malawi awatume timabuku ta m'Chichewa, poti malire ali pafupi ndipo nthaka ndi mvula yathu n'zofanana. Mabuku a nthano a ana nawonso alandireni, pakuti mwana ndiye amakoka mayi ake kubwera.

Koma buku lofunika kuposa onse mudzalemba nokha. Gulani kope lalikulu lachikuto cholimba. M'menemo muzilemba mtengo wa lata ya chimanga ndi ya nyemba tsiku lililonse la msika, tsiku lomwe mvula yoyamba yagwa, masiku omwe yadula, mbewu yomwe yapirira ndi yomwe yapsa. Zimaoneka zazing'ono. Chikatha chaka, bambo wofuna kugulitsa chimanga chonse mu Meyi mavenda atafika ndi sikelo, mumamutsegulira tsamba la Januwale wapitawo, aone yekha mmene anagulira chimanga chomwecho. Ine ndaona abambo akukhala chete kwa kanthawi, kenaka n'kunena kuti agulitsa kachewere ndi soya, chimanga chikhale. Kopelo likhalenso ndi masamba a agogo: mmene amafutsira nkhwani ndi khwanya n'kumanga zikwatu, mmene amayanikira makaka, ndi zipatso zam'tchire zomwe sizipweteka. Okalamba akupita, ndipo zimenezi sizili m'buku la boma lililonse.

Sankhani tsiku limodzi pasabata, masana anthu ataweruka kumunda. Ambiri mwa amayi athu sadziwa kuwerenga, ndiye pasakhale wochititsidwa manyazi. Mnyamata kapena mtsikana wa kusekondale awerenge mokweza, atanthauzire m'chinenero chathu, ndipo zomwe zamveka muziyese pomwepo ndi manja.

Mwachitsanzo, tsiku lina tinawerenga za kuyesa ngati chimanga chauma. Mumatenga botolo lagalasi louma, kuthiramo mchere wouma bwino ndi chimanga chapamanja, kutseka, kukhutchumula, n'kudikira pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi, chibwerere padzuwa, apo ayi chichita chuku. Tinabwera ndi botolo, mayi aliyense n'kuyesa chake. Sabata yotsatira tinaphunzira za matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba loluka kunja. Safuna mankhwala: anankafumbwe amafa chifukwa chosowa mpweya, bola mumange thumba lililonse palokha, mutafinya mpweya wonse, ndipo musamatsegule pafupipafupi. Kabowo kamodzi ka khoswe kamawononga ntchito yonse, ndiye aikeni pathandala. Mtengo wake ndi wokwererapo kuposa thumba wamba, n'chifukwa chake mabanja ena anasonkherana n'kumagula limodzilimodzi.

Nkhani muzizitsata ndi nyengo. Chimanga chikamera, werengani za ntchemberezandonda zamtundu watsopano, zomwe zinalowa m'dziko lathu la Mozambique mu 2017: kuyendera munda m'mamawa, kuphwanya mazira ake pamasamba, kuthira phulusa kapena mchenga pamchombo wa chimanga. Mvula ikachedwa, kambani za mbatata yofiira mkati, yomwe imakhwima m'miyezi inayi kapena isanu ndipo ili ndi vitamini A wothandiza ana. Wailesi ikhalepo, muzimvera zanyengo pamodzi. Aliyense amakumbukira namondwe Ana wa mu Januwale 2022, yemwe anagwetsa mlatho pamtsinje wa Revúbuè, katundu n'kuvuta kuyenda.

Pa zobwereka, ife tinalakwitsa poyamba. Tinkapereka mabuku popanda kulemba, ndipo angapo anathera kukulungira fodya. Tsopano wobwereka amalembedwa dzina, amasunga sabata imodzi, ndipo kope lalikulu lija silituluka pakhomo. Ndalama sitilipiritsa. Wofuna kuthokoza amabweretsa kambewu kapamanja, nyemba, mawungu kapena mapira, timasunga m'mabotolo olembedwa dzina la mbewu ndi chaka. Wosowa mbewu amatenga pobzala, n'kudzabweza kawiri pokolola.

Makiyi asungidwe ndi anthu awiri, mmodzi akhale mayi. Kwathu amasunga ndi amayi ena amasiye okhala pafupi ndi tchalitchi, omwe chaka chatha anayamba kuphunzira zilembo pamphasa yomweyo, ndipo mitengo ya msika wa sabata ino alemba okha m'kope.