Kuzula mano uku ukuyendetsa kiliniki yako ku Harare

Anzathu amene mwamaliza za mano ku UZ (University of Zimbabwe), kapena mwatopa kugwira ganyu m'makiliniki a eni ndiye mukufuna kutsegula yanu ku Avenues kaya ku Highfield, choyamba gawani nthawi. Sizitheka dzanja lili mkamwa mwa wodwala uku mukukambirana lendi ndi landilodi pa foni. Sankhani theka la tsiku pa sabata, tinene Lachitatu masana, osalembapo wodwala aliyense olo atabwera malume a ku Mbare ndi "tangondionako pang'ono mwana wanga". Nthawi imeneyo ndi ya mapepala basi.

Mapepala ake ndi awa: inuyo mulembetse ku MDPCZ, bungwe lolembetsa madokotala ndi madokotala a mano, ndipo setifiketi yogwirira ntchito muzikonzetsanso chaka ndi chaka, malo a kilinikiyo alembetsedwe ku Health Professions Authority, makina a x-ray ali ndi laisensi yawoyawo ku Radiation Protection Authority, kenako ZIMRA ya misonkho, ndi NSSA ya penshoni ndi inshuwaransi ya antchito. Nambala ya AHFoZ, bungwe la makampani a medical aid, osaiwala, popanda iyo ma claim, mapepala oitanitsira ndalama ku medical aid, sayenda.

Ma claim amenewa ndi pomwe ndalama zimathawira. Nambala imodzi ya chithandizo (kodi) ikalakwika claim imabwerera, ndipo olo itadutsa ndalama sizibwera tsiku lomwelo ayi, pomwe magolovesi, composite yomatira mano ndi jakisoni wochititsa dzanzi mukugula ndi madola, zambiri zochokera kunja. Ndiye wa pa reception asakhale mlamu amene akusowa chochita kunyumba, lembani munthu wodziwa makodi ndipo mumulipire bwino. Shortfall, ndalama yotsala imene medical aid siyilipira, wodwala auzidwe asanakhale pampando, alipire asanatuluke, zoti "ndidzatumiza pa EcoCash" nthawi zambiri zimathera pomwepo. Chibwerereni ndalama ya Zimbabwe ya ZiG mu April 2024, zolowa mu ZiG ndi za madola muzilemba padera, ndipo malipiro anu muzitenga pamwezi ngati wantchito, osamangotapa mu drowa.

Magetsi akathima ka inverter ka kunyumba sikangakoke kompuresa ndi autoclave (makina ophera majeremusi pa zida) pamodzi, funsani wa sola awerengetsere kaye musanagule. Thanki ya madzi nayo ikhalepo.

Odwala akayamba kudikira masabata, tengani dokotala wachiwiri, koma za peresenti yake ndi amene azilipira ku labu yopanga mano oikirira ntchito ikabwezedwa mulemberane pa pepala tsiku loyamba.