Makina anga ofufuzira zitsulo ankangolira pa katondo

Kwa milungu itatu makina anga ofufuzira zitsulo pansi ankangolira paliponse, ndikakumba osapeza kanthu. Ndinali kumunda kwa amalume kumpoto kwa Harare, komwe dothi ndi katondo wofiira. Mtima unandipweteka, ndimaganiza kuti makinawo afa.

Ndinasintha mabatire, sizinathandize. Kenako ndinazindikira kuti katondo amafiira chifukwa muli chitsulo chambiri, ndiye makinawo amamva dothi lenilenilo. Ndinapeza malo opanda msomali kapena waya, n'kusindikiza batani la ground balance (lothandiza makina kuti asamamve dothilo), uku ndikukweza ndi kutsitsa mbale yakumunsi kwa makinawo, yomwe imamva zitsulo, pang'onopang'ono, mpaka phokoso linazilala. Mphamvu yomvera ndinaichepetsanso. Nditavula chovundikira cha mbaleyo ndinapezamo fumbi lofiira lambiri, lomwenso limanamiza makina; ndinatsuka. Chingwe chinali chokhwepa, ndinachikulunga bwino pa ndodo.

Madzulo omwewo, pansi pa mtengo wa mango, ndinatulutsa kobiri ya Rhodesia and Nyasaland ya 1957, yobowoka pakati, ili ndi njovu ziwiri.

Amalume anaigwira nthawi yaitali. “Mphwanga, ndalama izi ndi zomwe agogo ako ankalandira atangofika kuno kuchokera ku Dedza.”